Kagulidwe ka nsalu ya maluwa yokutira mipando kuno ku Johannesburg

Sabata siitha ndisanalandire chithunzi cha sofa pa WhatsApp, pansi pake atalemba kuti, "Achimwene, pamenepa ndigule mamita angati?" Ena mwa ofunsawa ndi amayi amene abwana awo a ku Randburg kapena ku Fourways awasiyira mipando yakale posamuka, ena ndi abambo amene akumaliza nyumba kumudzi ndipo akufuna kutumiza nsalu kuti kalipentala wa ku Mchesi kapena ku Ndirande akakutire mipando imene wakhoma. Ntchito yanga ndi yokuta mipando, ndipo funsoli ndaliyankha kambirimbiri moti ndaona kuti kuli bwino ndilembe kamodzi, wina akafunsa ndizingomutumizira. Yankho langa silisintha: kuchuluka kwa mamita sikudziwika poyang'ana mpando wokha, chifukwa nsalu ikakhala ya maluwa, maluwawo ndiwo amalamula mmene idulidwire. Ndikamati maluwa ndikutanthauza chojambula chilichonse cha pansalu, kaya ndi duwa lenileni, masamba, mbalame, mizeremizere kapena timabokosi, monga mmene timanenera tikamasankha chitenje.

1. Uyeseni kaye mpandowo ngati uli woyenera kuuonongera ndalama.

Utembenuzeni, muone matabwa a pansi, kenako gwirani moika manja n'kugwedeza. Ngati matabwa ndi ofumbwa, kapena ndi aja a utuchi wopanikiza amene amafufuma akanyowa, kuukuta mpando umenewo kuli ngati kuveka suti munthu wodwala. Khalani pa khushoni kwa kanthawi n'kudzuka. Siponji ikakhalabe ndi dzenje, yatha ntchito, ndipo nsalu yatsopano pa siponji yotero imachita makwinya m'masabata ochepa, maluwa n'kuoneka opindika. Mtengo wa siponji ndi wa mmisiri muuwerengere limodzi ndi wa nsalu musanapite kusitolo.

2. Yezani chigawo chilichonse ndipo mulembe papepala.

Tengani tepi ya telala muyeze mu masentimita: kotsamira mkati ndi kunja, moika manja mkati ndi kunja, kutsogolo pansi pa makhushoni, ndiponso khushoni iliyonse pamwamba, pansi ndi m'mbali. Pa chigawo chimene chisokedwe pamakina onjezerani masentimita 1.5 mbali iliyonse kuti mukhale msoko, ndipo pa chigawo chimene chikokedwe n'kukhomedwa ndi masitepulo onjezerani masentimita 5 mpaka 10 mbali iliyonse, chifukwa mmisiri amafuna pogwira akamakunga nsalu. Ngati muli naye kale mmisiri, mupempheni akulembereni yekha mndandanda umenewu, umene amisiri kuno amautchula kuti cut list.

Kuti mukhale ndi poyambira, pa nsalu yopanda maluwa ya masentimita 140 m'lifupi, sofa ya anthu atatu nthawi zambiri imadya pakati pa mamita 12 ndi 16, ya anthu awiri pakati pa 10 ndi 12, mpando wa munthu mmodzi wotsamira wautali uja amati wingback mamita 6 kapena 7, ndipo masentimita 60 amakwana pokhala pa mipando iwiri ya patebulo lodyera. Anthu ambiri amamva ziwerengero zimenezi n'kuthamangira kukagula nsalu ya maluwa akuluakulu, ndipo m'pamene vuto limayambira.

3. Dziwani kusiyanitsa nsalu ya mipando ndi ya makatani.

M'masitolo ambiri nsalu ziwirizi zimakhala moyandikana ndipo maluwa ake amafanana. Ya mipando kawirikawiri imakhala masentimita 137 mpaka 145 m'lifupi, pamene ya makatani ina imafika masentimita 280. Chizindikiro chodalirika ndi nambala imene imalembedwa pa kapepala ka mpukutu kapena kuseri kwa sampulo, pafupi ndi mawu akuti Martindale kapena rub count. Martindale ndi makina amene amakhutiza nsaluyo mozungulira ndi nsalu ina yaubweya mpaka ulusi utayamba kuduka, ndipo nambalayo imanena kuti inapirira kangati. Nsalu ya pansi pa 15,000 ndi ya makhushoni okongoletsera okha. Ya pakati pa 20,000 ndi 25,000 ndi yokwanira pabalaza la banja laling'ono, koma ngati nyumba yanu ili ngati zambiri za Amalawi kuno, kumene sofa ndi pokhalira masana ndiponso pogona mlendo wofika kumene kuchokera kumudzi, funani ya 30,000 kapena kuposa. Ya pamalo olandirira anthu ambiri, monga saluni, iyambire pa 40,000.

Mpukutu ukakhala wopanda kapepala, yesani ndi manja. Ikwezeni nsaluyo kumene kukuchokera kuwala, ndipo ngati kuwala kukudutsa mosavuta, ndi yopyapyala. Ikokeni ndi zala ziwiri ngati mukutsegula msoko, muone ngati ulusi ukutalikirana. Kenako itembenuzeni. Maluwa olukidwa ndi ulusi, monga a nsalu yotchedwa jacquard, amaoneka ndi kuseri komwe ndipo sachedwa kutha, pamene maluwa odinda amakhala pamwamba pokha, kuseri kuli koyera, ndipo amayamba kufufutika m'mphepete mwa khushoni ndi moika manja. Poliyesitala, kapena poliyesitala yosakaniza ndi thonje, ndiyo imapirira ana ndipo sivuta kupukuta. Nsalu ya ulusi wotchedwa viscose imanyezimira mokopa m'sitolo, koma madzi akangodontherapo amasiya chizindikiro chosachoka, moti ineyo sindiilangiza m'nyumba ya ana.

Za chitenje ndimafunsidwanso kwambiri, ndipo ndikumvetsa, chifukwa munthu akakhala kutali amafuna kanthu kakwawo pabalaza. Chitenje ndi nsalu yovala, yopyapyala, yochepa m'lifupi, ndipo chogulitsidwa mamita awiriawiri sichikwana kotsamira kwa sofa popanda kulumikiza. Chimodzimodzinso shweshwe, nsalu yathonje ya kuno imene ya chizindikiro cha Three Cats imapangidwa ndi Da Gama ku Eastern Cape: ndi ya masentimita 90 okha m'lifupi. Zonse ziwirizi n'zabwino pa makhushoni ang'onoang'ono oponya pa sofa, bola muzichape kaye kuti sitachi ichoke ndi kuti zifupike zisanasokedwe, kenako muikire bafuta kuseri. Pokhalira penipeni ayi.

4. Sankhani kogula molingana ndi thumba ndi kuchuluka kwa nsalu.

Ambiri timayambira ku Oriental Plaza ku Fordsburg, msika umene unamangidwa m'zaka za m'ma 1970 pamene boma la tsankho linkachotsa amalonda achimwenye ku Pageview. Masitolo a nsalu alipo ambiri moyandikana, choncho mukhoza kuyerekeza mitengo osakwera takisi ina, ndipo kunenerera n'kololedwa, makamaka mukamatenga mamita opitirira 10. Kumbukirani kuti eni masitolo ambiri kumeneko ndi Asilamu ndipo Lachisanu masana amatseka kupita kukapemphera. M'tauni, chakum'mawa kumene amati Fashion District, nsalu zambiri ndi za zovala, ndiye mayeso a pa nambala 3 aja muwagwiritse ntchito mosamala. Ku Kramerville, m'dera la Sandton, kuli nyumba zoonetsera nsalu zapamwamba, monga ya Hertex. Ngakhale mulibe ndalama zogulira kumeneko, kupitako n'kophunzitsa, chifukwa sampulo iliyonse imakhala ndi zonse zolembedwa, ndipo mukatulukamo mumadziwa zofunsa kwina. Nyumba zina zotere sizigulitsa mwachindunji kwa munthu wamba koma kudzera mwa mmisiri wokuta mipando kapena wokongoletsa nyumba, choncho funsani musanaikepo mtima.

Pali mawu atatu amene mudzawaona pa zikwangwani za mitengo yotsika. End of range ndi nsalu imene asiya kuipanga, moti ikatha yatha. Seconds ndi nsalu yokhala ndi zilema za ku fakitale. Remnants ndi zotsala za kumapeto kwa mipukutu. Zonsezi n'zothandiza pa mipando ya patebulo kapena mpando umodzi, koma pa sofa yaikulu ya maluwa muzigule pokhapokha mwawerengera bwino ndipo zikupitirira zimene mukufuna.

5. Tengani kachidutswa mukakaone kunyumba.

Magetsi a m'sitolo amanamiza maso. Pemphani sampulo, kapena gulani theka la mita, mukaiyale pa mpando wanu m'mawa, masana ndi usiku. Duwa limene limaoneka bwino pa mpukutu wautali likhoza kudzaza chipinda chonse ngati mukukhala m'kachipinda kamodzi kapena m'nyumba ya kuseri kwa abwana. Johannesburg ili pamtunda wa mamita pafupifupi 1,750 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo dzuwa la kuno limasulutsa nsalu msanga, makamaka pa zenera loyang'ana kumpoto m'miyezi yozizira. Pa kapepala funani mawu akuti light fastness, amene nambala yake imachokera pa 1 kufika pa 8, ndipo sofa ya pafupi ndi zenera isatsike pa 5. Amene mumakhala kum'mwera kwa mzinda, kufupi ndi milu ya dothi la m'migodi, mukudziwa fumbi la mu Ogasiti. Nsalu yoyera kwambiri kapena yakuda bii imalionetsa msanga, pamene maluwa osakanikirana mitundu amalibisa.

6. Yezani maluwa, ndipo muone kumene ayang'ana.

Maluwa a pansalu amabwerezabwereza, ndipo mtunda wochokera pa duwa lina kufika pa duwa lofanana nalo ndendende umatchedwa repeat. Pali wa m'litali ndi wa m'lifupi. Musadalire pakamwa pa wogulitsa, yezani nokha ndi tepi: ikani chala pansonga ya tsamba limodzi, tsatirani m'litali mwa nsalu mpaka mutapeza nsonga yomweyo, lembani, kenako chitaninso chimodzimodzi chopingasa. Samalani ndi maluwa amene mzere woyandikana nawo unatsitsidwa ndi theka, aja amati half drop, chifukwa diso limaganiza kuti duwa labwereza pafupi pamene kubwereza kwenikweni kuli patali.

Funsaninso ngati nsaluyo ndi railroaded. Nsalu wamba maluwa ake amaima chilili motsatira utali wa mpukutu, choncho kotsamira kwa sofa yotalika mamita 2 kumafuna kulumikiza zidutswa, ndipo maluwa ayenera kukumana pa msoko uliwonse. Ya railroaded maluwa ake anagona chammbali, moti mpukutu umayalidwa chopingasa sofa yonse popanda msoko, ndipo nthawi zambiri imapulumutsa nsalu pa mipando yaitali. Veleveti, ngakhale yopanda duwa, nayonso ili ndi kumene imayang'ana: isisiteni ndi dzanja mupeze mbali yosalala, chifukwa chidutswa chimodzi chikazondoka chimaoneka ngati cha mtundu wina.

7. Werengerani mamita motsatira maluwa.

Apa ndi pamene ogulitsa ambiri amangoti onjezerani mamita awiri, ndipo apa ndi pamene ndalama za anthu zimathera. Sofa yokutidwa bwino imakhala ndi duwa lomwelo pakati pa khushoni iliyonse, ndipo maluwa amatsika molunjika kuchokera kotsamira, kudutsa pa khushoni, kufika kutsogolo pansi. Kuti zimenezi zitheke, chidutswa chilichonse chiyenera kuyambira pamalo amodzimodzi a duwa. Tanthauzo lake n'lakuti utali wa chidutswa suwerengedwa monga mwauyezera, koma umakwezedwa kufika pa repeat yathunthu yotsatira.

Tiyeni tione chitsanzo. Sofa ili ndi makhushoni atatu okhalira, iliyonse masentimita 60 m'lifupi ndi 65 kulowa mkati. Mukaonjezera misoko, chidutswa chilichonse ndi 63 kwa 68, ndipo popeza khushoni imatembenuzidwa, pakufunika zidutswa 6. Pa nsalu yopanda maluwa ya masentimita 140, zidutswa ziwiri zimakwana moyandikana, choncho mukhala mizere itatu ya masentimita 68, yonse pamodzi masentimita 204.

Tsopano mwakonda nsalu imene repeat yake ndi 64 m'litali ndi 70 m'lifupi. M'lifupi zili bwino, chifukwa 63 akulowa mu 70, ndiye zidutswa ziwiri zikwanabe pa mzere. Koma m'litali chidutswa chanu ndi 68 pamene repeat ndi 64. Chapitirira ndi masentimita 4 okha, komabe mzere wotsatira sungayambe mpaka duwa litabwereranso pamalo pake, kutanthauza kuti mzere uliwonse udya marepeat awiri, omwe ndi masentimita 128. Mizere itatu ija yasanduka masentimita 384. Pa makhushoni okha mwaonjezera masentimita 180, tisanafike kotsamira ndi moika manja.

Mukadasankha nsalu ina ya repeat ya 35 m'litali, marepeat awiri akadakhala 70, amene akungopitirira 68 ndi masentimita 2, ndipo mizere itatu ikadakhala masentimita 210, pafupifupi chimodzimodzi ndi nsalu yopanda maluwa. N'chifukwa chake ndimauza anthu kuti azipita kusitolo ndi pepala lawo la miyezo: nsalu yodulirapo pa mita ikhoza kukhala yotsika mtengo pa sofa yonse ngati repeat yake ikugwirizana ndi makhushoni anu.

M'lifupi namonso muli msampha. Makhushoni aja akadakhala a masentimita 72, n'kukhala 75 ndi misoko, sakadalowa mu repeat ya 70, ndipo pa mzere uliwonse pakadatuluka chidutswa chimodzi chokha chokhala ndi duwa pakati. Zidutswa 6 kuchulukitsa ndi 128 ndi masentimita 768. Zikafika pamenepo ndimalangiza chimodzi mwa ziwiri: kusintha nsalu, kapena kuika nsalu yopanda maluwa ya mtundu wogwirizana pansi pa makhushoni, podziwa kuti simudzawatembenuzanso.

Chitani chimodzimodzi ndi chigawo chilichonse cha pamndandanda wanu: gawani utali wake ndi repeat, kwezani yankho kufika pa nambala yathunthu, chulukitsani ndi repeat, kenako onani kuti ndi zidutswa zingati zimene zikwane m'lifupi. Zotsala za pakati sizitayika zonse. Mmisiri wodziwa ntchito amadulamo m'mbali ndi kumbuyo kwa makhushoni, kumene maluwa saoneka, ndiponso nsalu yokutira kachingwe ka m'mphepete kaja amati piping. Mbali yakutsogolo ya khushoni yokha ndiyo iyenera kupitiriza duwa la pamwamba, ndiye imeneyo muiwerengere payokha. Mukaphatikiza zonse, onjezerani repeat imodzi yathunthu, chifukwa mpukutu wa m'sitolo umayambira paliponse pamene wogula womaliza anadulira, nthawi zambiri pakati pa duwa. Pamwamba pa apo ndimaika mita imodzi yosunga.

Ndinaziphunzira movutikira zimenezi. Mayi wina wa kutchalitchi kwathu anabweretsa mamita 14 a nsalu ya masamba akuluakulu, ine n'kuyamba kudula ndisanawerengere, podalira kuti sofa ya anthu atatu imakwana pamenepo. Nsalu inatha khushoni imodzi ndi kuseri konse zisanakutidwe, ndipo titabwerera kusitolo tinapeza kuti inali end of range.

8. Pa kauntala musachite changu.

Nsalu yonse ichokere mu mpukutu umodzi. Ngati umodzi sukwana, onetsetsani kuti nambala ya batch kapena dye lot ndi imodzi pa yonse iwiri, chifukwa nsalu zonyikidwa mu utoto masiku osiyana zimasiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumaonekera zikagundizana pa sofa. Pemphani kuti aifunyulule pang'onopang'ono inu mukuona asanadule, muyang'ane mfundo za ulusi, mizere yopanda utoto ndi madontho. Pa nsalu ya mizeremizere kapena timabokosi, pindani m'mphepete kukumanitsa ndi m'mphepete mnzake muone ngati mizere ikugundana. Ikakhala yokhota kuchokera ku fakitale, palibe mmisiri amene angaiwongole pampando. Onaninso ndi maso anu poyeza mamita, ndipo funsani ngati mtengo umene mwauzidwa uli kale ndi VAT, imene kuno ndi 15 peresenti.

Tengani lisiti lolembedwa dzina la nsalu, mtundu ndi mamita, ndipo jambulani kapepala ka pa mpukutu ndi foni. Nsalu yodulidwa kale sibwezedwa chifukwa choti mwasintha maganizo. Lamulo la Consumer Protection Act la 2008 limapatsa wogula miyezi 6 yobwezera katundu wopezeka ndi chilema, koma silikuthandizani pa chilema chimene munauzidwa n'kuvomera pogula, monga pa seconds, ndipo mlandu umavuta nsaluyo ikadulidwadulidwa kale. Choncho mukafika nayo kwa mmisiri, muifunyulule nonse awiri sizasi isanaikhudze. Funsaninso za kachapidwe. Nsalu zina zimalembedwa W, kutanthauza kuti imapukutidwa ndi madzi, S kutanthauza mankhwala osasakaniza madzi, ndipo X kutanthauza burashi kapena makina opopa fumbi basi.

9. Inyamuleni yokulunga pa chubu, makamaka ngati ikupita kumudzi.

Pemphani chubu cha katoni chimene nsalu imabwerapo. Veleveti ndi nsalu zokhuthala zikapindidwa n'kutsindiridwa ndi katundu wina zimasiya mizere imene sichoka ngakhale ndi simbi. Ulendo wa pamsewu wodutsa pa Beitbridge, Zimbabwe ndi Tete kukalowera pa Mwanza kapena pa Dedza umatenga masiku, ndipo mumadziwa mmene matransipota amapanikizira katundu m'ngolo, ndiye mpukutuwo muukulunge ndi pulasitiki wokhuthala kawiri, n'kumata mbali zonse ziwiri kuopa mvula ndi fumbi. Lisiti lipite ndi wonyamula katunduyo kuti akalionetse kwa a MRA pachipata, inu mutsale ndi chithunzi chake.

Kalipentala wa kumudzi sangathamangire ku Fordsburg nsalu ikapelewera, choncho miyezo ya mipando ichokere kwa iyeyo musanagule, ndipo pa nsalu yotumiza ndimaika mamita awiri osunga m'malo mwa imodzi. Musanaikulunge, jambulani muvi ndi choko kuseri kwa nsalu kusonyeza kumene kuli kumwamba kwa maluwa, mutumizireni mmisiriyo chithunzi cha duwa limene mukufuna likhale pakati pa khushoni iliyonse, ndipo mumuuze kuti zotsala zonse akapereke kunyumba, chifukwa moika manja ndimo mumayamba kutha ndipo mudzazifuna zimenezo.